Bakuli la Ada Longwe pa Mwendo wa Ndege

Amene ananditengera ku Joni ndi Ada Longwe. Sanali m'bale wathu; kwathu Ada ndi monga kunena kuti bambo. Nyumba yawo inali kuseri kwa munda wa chinangwa wa agogo anga, pamudzi wathu kumtunda kwa msewu wopita ku Bandawe.

Makolo anga onse anamwalira ndisanayambe sukulu. Anandilera ndi agogo, mayi awo a mayi anga, munthu wa mawu ochepa koma olasa. Ankalima chinangwa, kuchiviika, kuchiyanika pathandala, n'kumagulitsa ufa wa kondowole kwa anthu ogwira ntchito m'maloji a ku Makuzi. Ine ndinakula ndili chete. Mwana wopanda make amaphunzira msanga kuyang'ana nkhope ya munthu asanapemphe kanthu, ndipo khalidwe limenelo silinandichoke. Ndikakhala pagulu ndimaona amene wabisa dzanja ndi amene waseka mochedwa. Sikuti ndimafuna, maso amangopita okha.

Sukulu itandikanika ndinkathandiza munthu wina wowotcherera mafelemu a mawindo pa Chintheche. Chaka china Ada Longwe atabwera kudzadya Khirisimasi, anaima pamalopo nthawi yaitali akundiyang'ana ndikugwira ntchito. Mawa lake anafika kwa agogo atavala jekete ngakhale kunali kotentha, n'kunena kuti kumene amagwira akufuna munthu wa manja odekha. Agogo sanafunse za malipiro. Anangofunsa ngati adzandibweza, chifukwa pamudzi pathu panali kale nyumba zingapo za matchona, anthu amene anapita osabweranso.

"Ameneyu ndi mwana wanga, Ama," anatero Ada Longwe. "Pamene ndigone ine, agona pomwepo."

Ndipo zinaterodi. Pa ulendo wonse wa basi, kudutsa Mozambiki ndi Zimbabwe, iwo ndiwo ankandiuza pamene ndiyankhule ndi pamene nditseke pakamwa. Titafika anandigawira theka la chipinda chawo, kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya munthu wina, kokhala ndi bedi limodzi ndi matilesi pansi. Anandigulira nsapato za chitsulo kutsogolo. Anandionetsa misewu yosayenda ukakhala wekha, ndi munthu wodalirika wonyamula katundu wopita kumudzi. Bulangete loyamba limene ndinatumizira agogo anasankha ndi iwowo, akuti ine ndikanagula lowala koma losafunda. Anthu akwathu ankandidziwa kuti mwana wa Ada Longwe, ndipo dzina limenelo linkanditsegulira zitseko.

Kampani yathu inali kum'mawa kwa mzinda, pafupi ndi bwalo la ndege. Ntchito yake inali kukonza zitsulo za ndege zimene zadyeka, makamaka za m'miyendo, zija zimalandira kulemera konse ndege ikamatera. Chitsulo chotere n'chodula kwambiri, choncho chikadyeka pena sachitaya. Amachimanga pamakina ochizunguza pang'onopang'ono m'chipinda chotseka, ndipo pamwamba pake pamayenda kamlomo kotulutsa kuwala kotentha koopsa, kowonda ngati singano, kumene amati leza. Kamlomo komweko kamauzira ufa wachitsulo. Ufawo ukagwera pa kuwalako umasungunuka n'kumatirira pamene padadyeka, mzere pambali pa mzere, mpaka malowo atadzaza.

Ine ndinayesa ndi kuwotcherera komwe kuja ndinkadziwa, kungoti kwachizungu. Amene anandichotsa maganizo amenewo ndi mayi injiniya woyang'anira ntchitoyo, mayi wamfupi wa magalasi ochindikala. Ada Longwe anam'patsa dzina ngati mkazi wakwathu, NyaMagalasi, ndipo mayiyo atamva tanthauzo lake anaseka n'kumaliyankha. Anandiuza kuti kudzaza malo odyeka ndi ntchito yaing'ono. Ntchito yeniyeni ndi kulamulira kutentha. Anati chitsulo m'kati mwake chili ndi tinjere tosaoneka ndi maso. Ukachitenthetsa kaye usanathire ufa, n'kuchisiya chizizire pang'onopang'ono, tinjereto timakhazikika bwino n'kugwirana, ndipo chitsulocho chimapirira kumenyedwa. Koma chikazizira mwadzidzidzi, tinjereto timasanduka tisingano. Pamenepo chimakhala cholimba kwambiri koma chosachedwa kusweka, ngati mbale yadothi. Kunja zonse ziwiri zimawala chimodzimodzi.

N'chifukwa chake chitsulo chikatuluka m'chipinda cha leza tinkachifunditsa bulangete loyera lochindikala losapsa ndi moto, n'kumangirira kawaya kopita ku makina osonyeza mmene kutentha kukutsikira. Palibe ankaloledwa kuchikhudza mpaka mayi injiniya atanena. Kenako chinkalowa mu uvuni kuti chikakhazikike, n'kupita kokasalaza. Pambali pa chitsulo chachikulu ankaikaponso kachidutswa kakang'ono, kamene kankathiridwa ufa ndi kufunditsidwa limodzi nacho. Kameneka tinkakatcha mboni. Poti mwendo wa ndege sungaudule kuti uone m'kati, tinkadula mboniyo. Imeneyo ndiyo inali ntchito yanga: kudula, kupukuta mpaka kawale ngati kalilole, kudontheza asidi, n'kupereka kwa mayi injiniya kuti aone tinjere tija pa galasi lokulitsa zinthu. Tsiku limene anandilola kusuzumira ndekha m'galasimo ndinakhala nthawi yaitali osachotsa diso. Zinali ngati kuona minda ya mpunga ya ku Limphasa uli pamwamba pa phiri.

Ada Longwe ntchito yawo inali kunyamula zitsulo ndi makina a unyolo, kusesa, ndi kukhoma mabokosi otumizira katundu. Anali atakhalitsa pakampanipo kuposa mabwana ena. Za tinjere sankazikana, koma sankazilabadira. Ankati zimenezo ndi za anthu a magalasi.

Chimene chinkatizunza tonse akunyanja ndi kuzizira. Munthu wobadwira ku Chintheche sadziwa chisanu cha ku Joni. M'mawa madzi a m'paipi ankaluma zala, udzu utayera ngati wathiridwa ufa. Anzathu a komweko ankatiseka tikamayenda titavala majuzi awiriawiri ndi zipewa zotseka makutu. Nthawi yopuma tinkapezeka titaunjikana pafupi ndi uvuni ngati nkhuku nthawi ya mvula.

Ada Longwe chakudya chozizira sankadya. Anali ndi bakuli lachitsulo la maluwa ofiira limene anachoka nalo kumudzi kalekale. M'chipinda chodyera munali kamakina kotenthetsera chakudya, koma sikalola chitsulo, ndipo iwo ankakana kontena yapulasitiki, akuti imaononga fungo la nsomba. Choncho bakuli lawo linkakhala pamwamba pa uvuni kuyambira m'mawa, ndipo aliyense ankadziwa. Kamodzi anachenjezedwapo mwamphamvu atapezeka akuyanika masokosi pamalo oletsedwa, ndipo anauzidwa kuti kachiwiri sikadzakhalako. Koma za bakuli pa uvuni anthu ankangoyang'ana kumbali.

Sabata imeneyo wonyamula katundu anali atabwera ndi usipa wouma wochokera kwa akazi a Ada Longwe. Agogo nawonso anaikamo kamtolo kanga. Ada Longwe anauphika ndi tomato madzulo, fungo lake linadzaza kachipinda kathu konse, ndipo anaimba nyimbo ya kutchalitchi akuvundula.

Mawa lake tinali ndi chitsulo chachitali cha m'mwendo wa ndege. Chinatuluka m'chipinda cha leza dzuwa lili pamutu, tinachifunditsa bwinobwino, anthu n'kupita kokadya. Uvuni tsiku limenelo unali wozimitsidwa, ukudikira chitsulo chomwecho. Ine ndinatsalira m'kachipinda kanga kopukutira, kamene kali ndi windo loyang'ana m'kati mwa fakitale.

Ndinawaona Ada Longwe akugwira pamwamba pa uvuni ndi chikhato, n'kugwedeza mutu. Anayang'ana uku ndi uku. Kenako anapita pa chitsulo chija, kumapeto kotalikirana ndi kawaya ndi mboni, n'kukweza bulangete. Anakhazika bakuli, lozizira ngati mwala wa m'madzi, pamzere weniweni umene leza inangodutsa kumene.

Ndinatsegula chitseko mofulumira, koma fakitale ndi yaitali. Ndikufika, msuzi unali utawira n'kusefukira. Ndinamva kulira kwake pa chitsulo, nthunzi ikutuluka m'mbali. Iwo anachotsa bakuli ndi nsanza, n'kupukuta pamalopo ndi nsanza yomweyo, yonyowa, n'kubwezera bulangete mwaukhondo.

"Wabwera nthawi yabwino," anatero. "Kasambe m'manja. Usipa wa kwanu uwu."

Wamkulu akakuitanira chakudya sukana. Ndinakhala pansi n'kudya, koma sindikumbukira kukoma kwake.

Madzulo ake ndinadula mboni ija, ndinaipukuta, ndinadontheza asidi. Mayi injiniya anasuzumira n'kumwetulira. Anati tinjere takhala bwino kwambiri, ndipo makina osonyeza kutentha nawonso sanaonetse vuto lililonse. Anandisisita paphewa. Mboni inanena zoona za malo amene inagona. Za kumapeto kwinako sinkadziwa kanthu.

Kunyumba ndinadikira adye, asambe, akhale pabedi. Ndinayambira kutali monga mmene munthu amayambira ndi wamkulu. Ndinafunsa za akumudzi, za denga la nyumba yawo, kenako ndinati pali kanthu kakundivuta mumtima za chitsulo cha lero. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Chitsulo chonyamula ndege yonse chiope msuzi wa usipa? Iwe mwana, NyaMagalasi wakudyetsa chiyani?"

Ndinawafotokozera za tisingano, kuti pamene panakhala bakuli pangakhale pouma ngati mbale yadothi ngakhale pakuwala. Kuseka kuja kunatha. Anati anthuwa ali ndi makina a mtundu uliwonse, ngati pali vuto alipeza okha, ndipo akalipeza sadzadziwa kuti linachokera kuti. Anati iwo anayamba kunyamula zitsulo zimenezi ine ndikusewera pamchenga, ndipo sanamvepo kuti ndege yagwa chifukwa cha ndiwo. Kenako anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Ndili ndi mwana ku sukulu ya unamwino. Ukudziwa zimene anandiuza za masokosi. Ndiye unaona chiyani iwe?"

Anazimitsa nyali.

Masiku otsatira chitsulo chija chinalowa mu uvuni, chinatuluka, chinapita kokasalaza, chinabwera chikunyezimira. Ndinkadutsa pafupi nacho ndikuyang'ana malo aja. Panalibe chizindikiro chilichonse. Ndege zinkadutsa pamwamba pa denga lathu tsiku lonse zikupita kokatera, ndipo ine, amene ndinali nditazolowera phokosolo mpaka osalimvanso, ndinayamba kulimva. Ndikatuluka panja ndinkaona miyendo yake itatambasuka kale. Ndinayamba kuchedwa kugona, ndipo m'mawa asidi ankandidonthera pamagolovesi.

Kwathu mwana sapita yekha kukaneneza wamkulu. Umapeza wamkulu mnzake, iwo n'kukhala pansi. Choncho Lamulungu nditatuluka m'mapemphero athu, amene tinkachitira m'kalasi ya sukulu ina, ndinatsatira Ada Kamanga. Iwo anali mkulu wa mpingo komanso wosunga gulu lathu la maliro, limene limaonetsetsa kuti munthu wakwathu akafera ku Joni akaikidwe kumudzi. Ndinawauza zonse titaima kuseri kwa kalasi. Anamvetsera atawerama, akuzunguza chipewa m'manja.

Anati ndachita bwino kubwera kwa iwo osati kwa abwana. Anati nkhani ya pamudzi imathera pamudzi, ndipo adzatiitana tonse awiri Lamulungu linalo, chifukwa sabata imeneyo anali ndi mtembo wa mnyamata wa ku Kande woti atumize. Ndinawauza kuti chitsulocho chinyamuka Lamulungu lisanafike. Iwo anati, "Ndiye chikanyamuka, chanyamuka. Mulungu amayendetsa ndege, si iwe." Anawonjeza modekha, mosaopseza, kuti ndikumbukire kuti ine ndilibe bambo, ndilibe malume, ndipo tsiku limene ndidzagwe m'dziko la eni, ondinyamula ndi anthu omwewa.

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo ndinkazidziwa asananene. Ku Joni munthu wopanda gulu ali ngati bwato lopanda nkhafi. Komanso si ine ndekha. Agogo anali okha kumudzi, ndipo amene ankawatungira madzi akadwala, amene ankawathandiza kuzula chinangwa, anali a m'nyumba ya Ada Longwe.

Ndinayesa kudziuza kuti mwina palibe chimene chinachitika m'kati mwa chitsulocho. Mwina bakuli linakhalapo kanthawi kochepa kwambiri. Mwina uvuni unakonza zonse. Ine sindinali injiniya. Koma zimene ndinkadziwa n'zakuti amene akanatha kuyankha funso limenelo sankadziwa kuti pali funso.

M'mawa wa tsiku lotumiza katundu ndinapeza Ada Longwe akukhoma bokosi la chitsulo chija. Kunali kozizira kwambiri, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Ndinaima pambali pawo, manja kumbuyo.

"Ada, ndikupita kwa NyaMagalasi. Tiyeni tipitire limodzi. Mukanena nokha mwina amva chisoni."

Sanatembenuke. Anatenga msomali wina pa imene anailuma pakamwa, anauimika, anaukhoma.

"Ada."

"Miyendo ndi yako," anatero.

Ofesi ya mayi injiniya inali pamwamba, kokwera masitepe achitsulo. Ndikukwera ndinkamva hamala ikupitiriza kulira pansi. Ndinagogoda. Ndinawauza kuti pa chitsulo chija panakhala chinthu chozizira chitsulocho chikadali chotentha, ndipo panatayikira madzi, kumapeto kopanda kawaya. Sindinatchule dzina. Anavula magalasi n'kufunsa kuti chinthu chanji. Ndinati bakuli. Pakampani yonse panali bakuli limodzi.

Sanakalipe. Anafunsa kuti zinachitika liti, ndipo ndinawauza. Anatsika n'kulamula kuti bokosi litsegulidwe. Amene anazula misomali ndi Ada Longwe omwe, umodziumodzi, osapindika ngakhale umodzi. Anthu anasiya ntchito n'kumayang'ana. Mayi injiniya anandiuza kuti ndiloze malowo. Ndinaloza.

Anapukuta pamalopo, anapaka asidi, tonse n'kudikira. Pang'onopang'ono chitsulo chinayamba kuda monga chimachitira, koma pakati panatsala kachigawo kosiyana mtundu, kopindika ngati mwezi watsopano. Anayeza kulimba kwake ndi kamakina kam'manja, pamenepo ndi pambali pake, kangapo. Kenako anati chitsulocho sichipita kulikonse.

Patapita masiku anachidula, ndipo kachidutswa ka malo amenewo kanabwera kwa ine kuti ndikapukute. Mayi injiniya anandiitana kuti ndione. Tisingano tija tinalimo, titathithikana, ndipo pakati pake panadutsa kamng'alu kowonda kuposa tsitsi. Ndinawafunsa ngati akanakapeza ndikanapanda kunena. Anaganiza kaye. Anati mwina oyeza a kumene chinkapita akanakapeza, mwinanso ayi, ndipo mwina kakanakhala zaka zambiri osakula. Anati palibe angadziwe. Ndinkafuna andiuze kuti ndapulumutsa anthu, koma sanatero, chifukwa sanali munthu wonena zimene sakudziwa.

Ada Longwe anachotsedwa ntchito sabata yomweyo. Mayi injiniya anawayankhulira kwa mabwana, ine ndinamva, koma za masokosi zinali zitalembedwa kale. Mapepala awo okhalira m'dzikomo anali omangirira pa ntchitoyo, ndipo pa msinkhu wawo palibe akanawalemba kwina. Kunyumba sananditukwane. Analongedza katundu wawo mwadongosolo, anandisiyira bedi ndi mbaula, anandionetsa pamene mwini nyumba amabisa kiyi wa geti. Ndinapempha kuti ndiwanyamulire chikwama mpaka kokwerera basi. Anati pali anyamata abwera.

Zitatero ndinadziwa kuzizira kwina. Ku mapemphero palibe anandithamangitsa, koma benchi imene ndinkakhala inkatsala ndi malo mbali zonse ziwiri. Moni ankandipatsa. Za maukwati ndi za misonkhano ndinkamva zitatha. Wonyamula katundu ankalandirabe mitolo yanga, koma anasiya kukhala pansi kumwa tiyi. Ndinamva kuti ena ankanditcha mwana wa NyaMagalasi. Ada Kamanga okha ndiwo ankabwera nthawi zina kudzandiona, n'kukhala pang'ono, n'kupemphera, osatchula nkhaniyo.

Kuntchito zinthu zinayenda. Anagula kamakina kena kotenthetsera chakudya, anaika mpanda kuzungulira malo oziziritsira zitsulo, ndipo anayamba kumangirira mawaya mbali zonse ziwiri. Ine anandiphunzitsa kutenthetsa zitsulo zisanalowe m'chipinda cha leza, kenako kuyendetsa makinawo pa ntchito zing'onozing'ono. Ndinaphunzira kuzindikira ndi maso pamene ufa wachita chinyezi, ndi pamene kamlomo kakuthamanga kwambiri. Agogo ndinkawatumizira malata, sopo, shuga, mankhwala a miyendo. Ndikaimba foni agogo ankayankha mwachidule: alandira, ali bwino, mvula yagwa. Za Ada Longwe sankanena, inenso sindinkafunsa. Ndinachedwa kubwerera kumudzi zaka zambiri kuposa mmene ndinalonjezera, ndipo si ntchito yokha imene inandichedwetsa.

Ndinabwera miyendo ya agogo itakanika. Nyumba inali ya malata atsopano, koma munda wa chinangwa unali utachepa, theka litagonera. Madzi ankawatungira mtsikana wina wolipidwa wochokera kutali. Msuweni wanga, amene kale tinkasambira limodzi, anabwera kudzaona zimene ndabweretsa, anayamika wailesi, n'kunyamuka msanga. Kanjira ka kuseri kwa munda, kopita kwa Ada Longwe, kanali katatsekeka ndi udzu.

Agogo anadikira alendo onse achoke. Anali atakhala pamkeka, miyendo yotupa atayitambasula. Anandiuza kuti ndifotokoze ndi pakamwa panga, chifukwa anamva kwa anthu ambiri koma kwa ine ayi. Ndinafotokoza zonse, za leza, za tinjere, za bakuli, za kamng'alu kaja. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Anthu a m'ndegemo umawadziwa?"

Ndinati ayi.

"Angakudziwe iwe?"

Ndinati ayi.

"Manda a mayi ako anakumba ndi Longwe. Mvula ikugwa, anthu ena atabisala m'khonde. Iwe unali pamsana panga." Anasisita bondo. "Sindikuti ukanasiya anthu afe. Sindine mfiti. Koma ine ndimakhala kuno, iwe unali uko. Mwana wake uja anamaliza sukulu ndi ndalama ya bwato limene anagulitsa. Mawa upite ukamuone. Usatenge kanthu m'manja, angayese ukugula."

Ndinapita m'mawa, ndikuzungulira kumsewu. Ndinawapeza atakhala pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde wa munthu wina. Anali ataonda, tsitsi lonse loyera, koma malaya anali ositidwa monga kale. Akazi awo atandiona analowa m'nyumba, kenako anatuluka ndi mpando n'kuuika chapatali pang'ono. Ndinausiya mpandowo, ndinakhala pansi, ndinawapatsa moni wa kwathu m'Chitonga, monga mwana amachitira kwa bambo ake.

Ku Joni konse kuja, m'kachipinda kathu, pa basi, ngakhale tsiku la misomali lija, ine ndi Ada Longwe sitinayankhulanepo chinenero china koma Chitonga. Kwathu Chichewa timayankhula ndi aphunzitsi, apolisi, ndi anthu obwera kudzagwira ntchito m'maloji.

Anaika singano pansi, anandiyang'ana mwaulemu, n'kundiyankha m'Chichewa chomveka bwino ngati cha pa wailesi.

"Tili bwino, kaya inu, bambo? Mwayenda bwanji? Khalani pampando, alendo sakhala pansi."

Ndinapitiriza m'Chitonga. Ndinafunsa za thupi lawo, za mwana wawo namwino, za nsomba chaka chino. Funso lililonse analiyankha mokwanira, mosakwiya, m'Chichewa. Anaitanitsa tiyi. Anafunsa ngati kampani ikuyenda bwino ndiponso ngati ndikhalitsa. Nditatsanzika anaimirira, anandiperekeza mpaka pamsewu monga amachitira ndi mlendo wolemekezeka, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri.

"Mupite bwino, bambo," anatero. "Mukawapatse moni agogo anu."